Naguib anamuika kutsogolo, atathana naye anamutsekera m'nyumba

Achimwene, pulezidenti woyamba wa Egypt sanali Gamal Abdel Nasser ayi, anali Muhammad Naguib. Simumumva chifukwa anamufufuta dala, ndipo nkhani yake imandiwawa chifukwa zoterezi zinandionekerapo ine.

Naguib anabadwira ku Khartoum mu 1901. Anali msilikali weniweni, pankhondo ya 1948 ku Palestine anavulazidwa kangapo. Anyamata a Free Officers, gulu lachinsinsi la asilikali lotsogozedwa ndi Nasser, anthu sankawadziwa, choncho pogwetsa mfumu Farouk pa 23 July 1952 anafuna mkulu wa ulemu wake woti dziko limukhulupirire. Pa 18 June 1953 anathetsa ufumu n'kumuika pampando. Mlandu wake unali woti ankafuna asilikali abwerere ku mabalaki, zipani ndi nyumba ya malamulo ziyambirenso. Mu February 1954 anatula pansi udindo, anthu anadzaza misewu ya Cairo mpaka anamubwezera, koma mphamvu zinali zitapita kale kwa Nasser. Mu October munthu wina atafuna kupha Nasser ndi mfuti ku Alexandria, Naguib anamuneneza kuti ali kumodzi ndi a Muslim Brotherhood, gulu la ndale lachisilamu lomwe munthuyo anali membala wake. Pa 14 November 1954 anamutengera kunyumba ina ku al-Marj, kunja kwa Cairo, n'kumusunga komweko ngati mkaidi mpaka Anwar Sadat atakhala pulezidenti m'malo mwa Nasser. Ana asukulu ankaphunzitsidwa kuti woyamba anali Nasser. Naguib anamwalira mu 1984.

Ine anyamata akwathu anabwera kunyumba, zipewa m'manja, akuti bambo mutitsogolere pagulu la alimi a soya, obwereketsa ndalama amadziwa dzina lanu. Ndinayenda m'maofesi ndi thalansipoti yanga, ndinasayina pamene iwo sakanasayina. Ngongole itangotuluka, misonkhano inayamba kuchitika ine osauzidwa. Tsiku lina ndinafika pansi pa mtengo wa mango paja timakumana, ndinapeza mpando wanga pakhala mlembi. Palibe anadzuka. Mnyamata amene ndinamulipirirapo fizi ya Folomu 4 ndiye anaimirira kuwerenga kalata yoti ndadya ndalama za feteleza, pepala likunjenjemera m'manja mwake, maso pansi. Anandiuza kuti ndipereke chidindo ndi makiyi a nyumba yosungira mbewu pomwepo, pamaso pa akazi anga ndi apongozi anga. Amayi amene ndinkawanyamulira matumba pangolo yanga anangoti zii, wina akuseka chapansipansi. Akuba enieniwo ndi anyamata omwewo, pofika Disembala awiri anali atagula njinga zamoto. Anthu opanda manyazi, mpaka lero tikakumana pamaliro amandipatsa moni ngati sanandichite kanthu, akuti zinapita zimenezo bambo. Zinapita bwanji dzina langa lili m'matope?

Komabe inu akakupemphani kuti mutsogolere, musakane, landirani. Kukana n'kusiyira mbava khola. Anyamata muziwakhulupirira, ntchito amaigwira ndi iwowo, kungoti buku la ndalama liziwerengedwa pagulu mwezi uliwonse ndipo kubanki siginecha yanu isachoke. Akayamba kukumana inu kulibe, musatule pansi udindo mokwiya ngati anachitira Naguib mu February muja. Itanani mamembala onse sabata yomweyo, amfumu akhalepo, muwerenge ndalama zonse mokweza.