Nkhalango yangoti zii, kodi mbalame zapita kuti?

FUNSO: Ndinayamba kuonerera mbalame nditapuma pantchito yauphunzitsi. Miyezi itatu yapitayo, nkhalango yomwe ndimakonda kupitako inkangosokosera ndi nyimbo. Pano, kumapeto kwa nyengo yotentha, ndapitako katatu koma kuli zii. Anzanga akuti ndizipita kunyanja kukaona mbalame za m'madzi, koma ine ndimakhala kumtunda ndipo mtima wanga uli pa mbalame za m'mitengo. Malo abwino ndiwapeza bwanji? — Mphunzitsi wopuma

YANKHO: Aphunzitsi, nkhalango yanuyo musaitaye msanga. Mbalame zilimo, zangotseka pakamwa. Nyimbo munkamva zija zambiri zinali za mbalame zamphongo, zolengeza malire a dera lawo ndi kukopa zazikazi. Ana akatuluka m'zisa, nyimbo imakhala yatha ntchito. Kenako mbalame zambiri zimayamba kusintha nthenga, zakale kuthothoka, zatsopano kumera, ndipo zimenezi zimatenga masabata angapo. Mbalame yoperewera nthenga kumapiko siuluka bwino, ndiye imabisala m'zitsamba kuopa kabawi. Chonsecho ino ndi nthawi yomwe mbalame zimachuluka kwambiri, popeza ana a chaka chino nawo alowa m'gulu.

Ine ndinazidziwa izi nditavutika kaye. Chaka china ndinayenda maola anayi pakatikati pa nkhalango ya mitengo italiitali, m'kabuku mwanga n'kulembamo mitundu isanu yokha. Pobwerera, miyendo italema, ndinakhala pachipika m'mphepete mwa nkhalangoyo, pomwe kamtsinje kamadutsa njira. Ndikumasula nsapato kuti ndichotse kamwala, ndinamva timawu tochepa, tsi tsi tsi, pamwamba panga. Linali gulu la timbalame ta mitundu yosiyanasiyana tikuyendera limodzi, tina tikutola mbozi kunsi kwa masamba, tina tikukwera thunthu, gogomole akutsatira m'mbuyo. Pamphindi khumi ndinaona zoposa za maola anayi aja. Kenako gululo linadutsa, nkhalango n'kubwerera mwakale.

Chinsinsi cha nyengo ino chagona pamenepo. Kuswana kukatha, mbalame zodya tizilombo zimasiya kulondera madera awo n'kumayenda m'magulu osakanikirana, chifukwa maso akachuluka mdani amaonedwa akadali patali. Ku Ulaya magulu otere amakhala ndi timbalame totchedwa tits, ku North America ndi chickadees, ndipo mu Africa nthengu siisowamo: imakhala panthambi n'kumawakha tizilombo tomwe anzake avumbulutsa, n'kumafuula ikaona kabawi. Ndi kambalame kochenjera moipa, nthawi zina kamakuwa zabodza kuti anzake ataye chakudya. Choncho nkhalango ikhoza kuoneka yopanda kanthu kwa theka la ola chifukwa mbalame zonse zili pamalo amodzi. Mukamva timawu tija, imani pomwepo, kapena dzerani kutsogolo kwa gululo kuti likupezeni lokha. Mukalithamangira kumbuyo mudzangoona michira.

Posankha malo, kukula kwa nkhalango kusakunyengeni. Funani pomwe zinthu ziwiri zakumana: mitengo ndi dambo, mitengo ndi munda wogonera, njira yotakasuka yomwe dzuwa limafika pansi. M'mawa dzuwa likayamba kuwomba m'mphepete moyang'ana kum'mawa, tizilombo timadzuka msanga ndipo mbalame zimathamangira komweko. Muime dzuwa lili kumsana kwanu kuti mitundu ya nthenga ioneke. Madzi nawo ndi nyambo yaikulu, ngakhale kachithaphwi chabe, makamaka masana kukatentha pamene kwina konse kwafa. Mtengo uliwonse womwe zipatso zake zapsa ndi woyenera kuukhalira pansi ola lathunthu. Mkuyu umodzi wakupsa umaitana njiwa, apumbwa ndi zina zambiri. Mitengo youma yoimirira musaione ngati yonyansa, muli mphutsi ndi mphako. Koma nkhalango yodzalidwa ya paini, yothithikana, ya msinkhu umodzi, pansi pake popanda zitsamba, ine sindiitayiranso nthawi.

Musananyamuke, tsegulani mapu a pa intaneti oonetsa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, muyang'ane mizere ya mitengo yotsata mitsinje. Palinso eBird ya pa intaneti, yomwe mabungwe awiri a ku America oona za mbalame, a Cornell Lab of Ornithology ndi a National Audubon Society, anayambitsa mu 2002, momwe anthu amalembamo zomwe aona. Imasonyeza malo omwe anthu amapitako kawirikawiri ndi mbalame zomwe zimapezekako sabata ndi sabata. Muyang'ane za mwezi uno, osati chiwerengero cha chaka chonse. Ndipo malo opanda cholembedwa sikuti mulibe mbalame, mwina sikunafike munthu wolemba basi. Pulogalamu ina ya a Cornell, Merlin, kuyambira 2021 imatha kuzindikira mbalame pomva kulira kwake, ngakhale kuti imadziwa bwino za ku America ndi ku Ulaya kuposa za kwina, ndipo timawu ta ana opempha chakudya timaisokoneza.

Simunanene komwe muli, ndiye ndinene mbali zonse. Kumpoto kwa dziko lapansi nyengo ino ndi Ogasiti ndi Seputembala, mbalame zosamuka zikuyamba ulendo wa kumwera. Kumwera ndi Febuluwale ndi Malichi, pamene mbalame zomwezo zikudya modzikundikira mafuta kuti zibwerere. Samalirani kambalame kobiriwira motuwa kotchedwa willow warbler. Kamalemera magalamu pafupifupi 9, koma tina timachokera kum'mawa kwa Siberia kudzafika mu Africa, mtunda woposa makilomita 10,000. Nako kamalowerera m'magulu aja mwakachetechete.

Magalasi oonera patali olembedwa 8x42, okoka chinthu kasanu ndi katatu, ndi okwanira. Mumthunzi amaonetsa bwino kuposa okoka kwambiri omwe amanjenjemera m'manja. Valani zobisa miyendo chifukwa cha nkhupakupa, ndipo ngati malowo ali ndi mwini, kaodireni kaye.

Chimodzi chidzakuzunguzani mutu: ana a mbalame nthawi zambiri safanana ndi zithunzi za m'buku. Amakhala otuwa, ena amawangamawanga, mchira waufupi, m'mbali mwa mlomo muli chikasu. Musafulumire kulemba kuti mwapeza mtundu wachilendo. Dikirani pang'ono, kakayamba kugwedeza mapiko n'kuyasamula, muone yemwe abwere kudzakadyetsa.