Digiri uli nayo, koma chidindo chobwereka usachikhudze

Kalata ya sabata ino yachokera ku Matawale, mumzinda wa Zomba, ndipo ndaifupikitsa pang'ono.

"Aphungu, ndine mnyamata wa zaka 25. Ndinamaliza maphunziro a architecture (ojambula mapulani a nyumba) ku MUBAS chaka chatha koma ntchito sindinaipezebe. Amalume anga ndi kontilakitala, ndipo mnzawo wina akufuna kumanga hostel yosanja ku Chikanda kuti azichititsa lendi kwa ana a ku Chanco. Akuti ine ndijambule pulani, kenako pali mkulu wina wolembetsedwa amene adzangodinda n'kusaina tikamupatsa kangachepe, ngakhale kumaloko sadzafikako. Omanga adzakhala amalumewo, ine ndidzakhala woyang'anira ntchito. Bambo akuti ndisachedwe, ndalama zikalowa nditsegule ofesi yanga m'tauni, chifukwa fizi yanga anavutika nayo ndipo azing'ono anga awiri ali ku sekondale. Akuti anzanga onse akuchita zomwezi. Koma mtima wanga sukukhazikika. Kodi pali cholakwa apa, poti pulaniyo ndikutha kuijambula bwinobwino?"

Mwana wanga, makalata otere amandipeza chaka chilichonse ana akangovula mikanjo ya pa graduation. Chimasintha ndi dzina la dera basi. Wina amati tchalitchi, wina mashopu, iwe wati hostel, koma amalume ndi chidindo cha munthu wina sizisowamo. Cholakwa chilipo, ndipo ukuchidziwa kale, apo ayi sukanataya nthawi kundilembera.

Ndiyambe ndi mawu amene sungawakonde. Iwe sunakhale architect. Uli ndi digiri, ndipo ndakuyamikira, chifukwa kulowa ku MUBAS, imene ife akale timaitchulabe kuti Poly ngakhale inasintha dzina mu 2021, si masewera, ndipo kutulukako ndi pepala n'kovutanso kuposa kulowa. Koma dzina loti architect m'dziko muno limapatsidwa ndi Board of Architects and Quantity Surveyors motsatira lamulo la Architects and Quantity Surveyors Act, munthu akagwira kaye ntchito pansi pa wolembetsedwa n'kukhutiritsa Board kuti wakhwima. Zimenezi anakuuzani m'kalasi. Ofesi imene bambo akuilota, ya chikwangwani cholembedwa dzina lako ndi mawu oti architect kunsi kwake, lero ingakhale yabodza kuyambira pa chikwangwani pomwepo.

Ukuti pulani ukutha kuijambula. Sindikutsutsa. Masiku ano ngakhale mnyamata amene anaphunzira AutoCAD miyezi itatu pa kompyuta ya mnzake amatulutsa pulani yooneka bwino. Chimene mwini nyumba amalipira kwa architect si mizere yokongolayo ayi. Amalipira munthu woti zinthu zikalakwika aimirire n'kunena kuti ndine. Siginecha ndi chidindo pa pulani zimanena kuti malowa ndawaona, ntchitoyi yachitika m'manja mwanga, ndipo ndiyankhapo. A khonsolo ya mzinda wa Zomba akamavomereza pulani pansi pa lamulo la Physical Planning Act la 2016, amakhulupirira kuti wodindayo akunena zoona. Tsono mkulu amene adinde pulani ya malo oti sanapondepo akunamiza khonsolo, akunamiza mwini hostel, akunamizanso makolo amene adzalipire lendi kuti ana awo agone m'menemo. Iyeyo zikadziwika akhoza kufufutidwa m'kaundula. Iwe mwina ukuganiza kuti palibe chimene ungataye poti m'kaundulamo sunalowe. Kumbuka kuti Board yomweyo ndi imene udzaime pamaso pake kupempha kulembetsedwa, ndipo ma architect m'Malawi muno ndi ochepa, amadziwana mayina ndi mbiri zomwe.

Taganizira malo ake enieniwo. Chikanda ukuidziwa kuposa ine: mapoloti opanikizana, timisewu tothina, madzi otsika kuchokera kuphiri nthawi ya dzinja, Likangala ali chapafupi. Aliyense wa ku Zomba akukumbuka zimene namondwe Freddy anachita m'chigawo chakummwera mu March 2023. Pamalo otere ukufuna kuimika nyumba yosanja popanda injiniya woona dothi ndi kuwerengera zitsulo za silabu? M'kalata mwako injiniya sunamutchule n'komwe, ndipo zimenezo zandiopsa kuposa nkhani ya chidindo. Mmodzi mwa malamulo oyambirira a ntchitoyi ndi wakuti usalandire ntchito yoposa luso lako, ndipo pamene luso lako lathera uitane mwini wake. Hostel si nyumba ya banja. Mudzagona ana ambiri, chipinda chilichonse chili ndi hotplate kapena mbaula, mawindo onse otchingidwa ndi zitsulo, ndipo mwini wake adzakuuza kuti masitepe achiwiri n'kuwononga malo, pamenepo pakhale chipinda china cha lendi. Moto utabuka usiku, ana a m'mwambawo atulukira kuti? Chaka chamawa lendi ikakoma adzafuna kusanjikanso kachitatu pa maziko omwewo. Ku Bangladesh, nyumba ya Rana Plaza inagwa pa 24 April 2013 n'kupha anthu oposa 1,100. Inali nyumba yoti anaisanjikiza mopyola chilolezo n'kuikamo mafakitale a makina olemera, pomwe inakonzedwera mashopu ndi maofesi. Ndikudziwa kuti ya ku Chikanda ndi yaing'ono, koma matenda ake ndi amodzi: mwini ndalama akulamula, ndipo palibe katswiri woti amuuze kuti ayi.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa amalume.

Woyang'anira ntchito yomanga amaimira mwini nyumba. Ndiye amayendera ntchito, kukana zosalongosoka, ndi kusaina setifiketi yoti kontilakitala alipidwe gawo limene wamaliza. Popanda siginecha imeneyo ndalama situluka. Tsono tiye tione tsiku lothira silabu. Wafika m'mamawa, anyamata ayamba kale kukankha mawilibala, mchenga ndi kwale zaunjikidwa, kapitawo akukuwa. Wakwera pamwamba n'kupeza kuti pamene pulani ikuti zitsulo za Y12 amangapo za Y10, zomwe ndi zowondako, ndipo azitalikitsa kuti zikwanire. Wawerenga matumba a simenti amene ali m'sitolo, waona kuti sangafike pa muyeso wolembedwa. Konkire ikangothiridwa zonsezi zikwiririka, palibenso adzazione mpaka tsiku limene silabu idzayambe kung'aluka. Ntchito yako pa ola limenelo ndi kuimitsa zonse, anthu amasule zitsulo, ndipo kontilakitala alipire yekha zotayikazo. Kontilakitalayo ndi mlongo wa mayi ako. Kwathu kuno malume ndi mwini mbumba. Ndiye adzakhale nkhoswe yako tsiku lokwatira, ndiye amaitanidwa pakagwa zovuta pakhomo panu, mwinanso pa fizi yako anathirapo dzanja. Uwayang'ana m'maso pamaso pa antchito awo n'kunena kuti amalume, phwasulani? Usandiyankhe msanga. Amuna akuluakulu a imvi amalephera.

N'chifukwa chake malamulo a khalidwe la ma architect, kuno ndi kunja komwe, amalimbikira nkhani imeneyi. Ngati uli pachibale kapena uli ndi phindu lililonse kwa kontilakitala ngakhale kwa wogulitsa zipangizo, uyenera kuuza mwini ntchito poyera, makamaka polemba, ntchito isanayambe, ndipo ngati sungathe kuweruza mosakondera, uchokepo. Sikuti malamulowo amaganiza kuti amalume onse ndi akuba. Amalume ako mwina ndi munthu woongoka. Koma ngakhale atamanga bwino, tsiku limene mng'alu woyamba udzaoneke pakhoma, mwini hostel adzati munagwirizana pachibale kumudyera ndalama, ndipo ubwenzi wawo udzathera pa iwe.

Pali kenanso kamene kadzakupeze posachedwa, ndikuchenjezeretu. Mwini hardware adzakuitanira kuseri n'kukuuza kuti ukamatumiza makasitomala ako kwa iye, pa malata ndi matailosi alionse udzipezapo ya fanta. Kontilakitala wina adzakusiyira envelopu ya mafuta a galimoto, pomwe galimoto ulibe. Malipiro a architect amachokera kwa mwini ntchito, pa mtengo umene munagwirizana polemba, basi. Ukalandira za kumbali, malangizo ako asanduka malonda, ndipo mwini nyumba sakudziwa. Ikakhala ntchito ya boma ndiye nkhani imafika ku Anti-Corruption Bureau, pansi pa Corrupt Practices Act ya 1995. Ndiponso pulani imene unajambulira munthu wina, kapena ya ofesi imene unaphunzirako ntchito, si yoti uzingosintha dzina n'kugulitsa kwa aliyense. Ana ambiri amachita zimenezi osadziwa n'komwe kuti ndi kuba.

Tsopano kwa inu bambo, poti ndikudziwa kuti mwanayu akuonetsani yankholi. Munavutika, palibe akukana. Koma kunena kuti anzake onse akuchita zomwezi si uphungu wa kholo. Mwanayu munamulipirira zaka zonsezi kuti adzakhale katswiri, ndiye watsala pang'ono kufika inu mukumukankhira njira yachidule yoti imutsekere khomo lomwelo? Mukufuna ndalama ya hostel imodzi, kapena mukufuna mwana woti adzasaine yekha mapulani kwa zaka makumi atatu? Azing'ono akewo munawabereka ndinu. Iye adzathandiza, ndipo ayenera kuthandiza, koma musamusenzetse fizi ya anthu awiri asanaime n'komwe. Makolo ambiri mukangomva kuti architect mumaona galimoto ndi nyumba ya ku Mulunguzi. Zaka zoyamba za ntchitoyi ndi za minibasi, nsapato zafumbi ndi malipiro ochepa. Ena amalemera, inde, koma mochedwa, ndipo ambiri amangokhala moyo wapakatikati ngati wa akatswiri ena onse.

Iwenso, mwana wanga, sindikusiya. Chaka chathunthu wakhala ku Matawale ukuti ntchito sinapezeke. Unaifuna motani? Ngati kufuna kwake ndi kudikira kuti wina aponye chilengezo pa gulu la WhatsApp, udikira mpaka tsitsi lituwe. Maofesi ambiri a ma architect ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ambiri mwa iwo salengeza m'nyuzi akafuna mnyamata wothandiza. Amatenga amene wafika pakhomo ndi ntchito zake m'manja. Blantyre ndi ulendo wa ola limodzi ndi kanthu. Sindikiza ntchito zako zabwino za kusukulu, pita ofesi ndi ofesi, funsanso ku Malawi Institute of Architects, ku dipatimenti ya boma yoona za nyumba ndi ku Malawi Housing Corporation. Pofunsa malo, funso lako loyamba lisakhale la malipiro. Funsa ngati pali architect wolembetsedwa woti azikuyang'anira ndi kusainira kaundula wa ntchito zimene ukugwira, chifukwa ndi zimenezo Board idzafune kuona. Ofesi yolipira bwino koma yopanda munthu wotere ikudyera zaka pachabe.

Njira imeneyi ndimaikhulupirira chifukwa zimene zimateteza architect sizili mu studio ya kusukulu. Umaziphunzira utakhala pambali pa mkulu pa msonkhano wa pa saiti, ukumuona akukana kusaina setifiketi kontilakitala atatupa nkhope. Umaphunzira kulemba maminitsi, kulemba kalata yosintha ntchito m'malo mongouzana pakamwa, kuwerenga kontilakiti, kugwira ntchito ndi quantity surveyor (wowerengera zipangizo ndi mtengo wa ntchito) ndi injiniya, ndi kuuza mwini ndalama mwaulemu kuti chimene akufunacho lamulo silikulola. Mnyamata amene watsegula ofesi yake asanaone zimenezi amakhala wantchito wa aliyense womulipira.

Ndipo pamene ukudikira mayankho, uli mumzinda woti ana a architecture a kwina amachita kulipira thiransipoti kudzauona. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma, nyumba yakale ya malamulo ndi Hotel Masongola ya m'zaka za m'ma 1880 zikadalipo. Pempha chilolezo, tenga tepi ndi kope, yeza ndi kujambula makhonde ake, madenga ake, ndi mmene anakonzera ngalande pamalo otsetsereka a mvula yambiri. Bwana aliyense wa ofesi akaona zojambula zotere amadziwa kuti mnyamatayu sanangokhala.

Nanga hostel ija uitaye? Osati msanga. Pita kwa mwini wake, muuze chilungamo kuti sunalembetsedwe, ndipo umupezera architect woti atenge ntchitoyo m'dzina lake zenizeni: afike ku Chikanda, aone malo, abweretse injiniya, alembe mgwirizano, ndipo iwe ugwire pansi pake n'kulipidwa monga womuthandiza. Kusiyana kwake ndi zimene amalume akonza n'kwakukulu, chifukwa apa mkuluyo akuyang'anira ndipo akuyankha, ndipo kwa iwe ntchitoyo ikuwerengedwa. Mwina ikhoza kukhala khomo lolowera mu ofesi yake, poti mnyamata wobwera ndi kasitomala sabwezedwa wamba. Amalume, ngati ali ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira makontilakitala cha msinkhu wa ntchitoyi, apereke mtengo wawo pamodzi ndi makontilakitala ena. Chibale chanu chilembedwe, ndipo akapambana, setifiketi za malipiro awo asaine ndi mkuluyo, osati iwe. Mwini hostel akanena kuti zonsezi n'zodula, iye akungofuna chidindo chotchipa, musiye apite. Apeza wina, zimenezo usakayike, ndipo udzamuona mnzakoyo akudutsa pa galimoto iwe uli pa siteji.

Pokawauza amalume usapite wekha. Yamba wakhala pansi ndi mayi, uwafotokozere bwino za tsiku la silabu lija, chifukwa iwo ndi amene akudziwa polowera kwa mlongo wawo. Akwiya, mwina mpaka Khirisimasi. Mutu uli nawo, ndipo mtima umene wakana kukhazikikawo anzako ambiri alibe. Lolemba likudzali ukhale uli m'minibasi ya ku Blantyre, mapepala ako ali m'chikwama.