Kwa bambo a ku Indiana: Barry Sanders nayenso anakhalapo pa benchi, koma nkhaniyo muuzeni mwana yonse

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wakumudzi konkuno amene pano akukhala ku Indiana, ku America. Mwachidule akuti mnyamata wawo wazaka 16 analowa timu ya mpira wachimereka kusukulu yake, uja amasewera atavala zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa, ndipo malo ake ndi running back, koma sizoni yonse wathera pa benchi chifukwa kochi akuti ndi wamfupi komanso amachulutsa kuzembazemba mmalo mongolowa ndi mphamvu. Mwana wakhumudwa, akufuna kungozisiya. Nde mnzawo wa kuntchito wawauza kuti "kamuuzeni za Barry Sanders", iwo dzinalo sakulidziwa, mpirawonso akuti amangoona anthu akugundana basi. Funso lawo ndi loti munthuyu ndi ndani, anachokera kuti, ndipo nzoona kuti nayenso ankakanidwa chifukwa cha msinkhu?

Achimwene, zikomo polemba. Yankho lalifupi ndi loti eya nzoona. Koma ndikupemphani kuti mukamamuuza mwana musadumphe pakati, chifukwa anthu ambiri amangonena kuti anali wamfupi kenako anatchuka, pomwe zaka zimene anadikira zija ndi zimene mnyamata wanu akufunika kumva.

Poyamba timvane za masewerawa kuti manambala ndikupatseniwa akhale ndi tanthauzo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 mbwalo, bwalo lake ndi lotalika mayadi 100, yadi imodzi ndi masentimita 91, yoperewera pang'ono pa mita. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi kena, mpaka munthu akalowe nawo mpira kumapeto kwa bwalo, imeneyo nde touchdown, mapointi 6. Running back amaima kumbuyo kwa quarterback, wotsogolera timu ikakhala ndi mpira, amene amamupatsira mpira mmanja, iye nkuthamanga nawo kudutsa pakati pa anthu amene ntchito yawo ndi kumugwetsa pansi. Akapeza mayadi 100 pa gemu imodzi anthu amati wasewera bwino kwambiri. Nambala ya 100 imeneyi muisunge.

Barry Sanders anabadwa pa 16 July 1968 ku Wichita, mu state ya Kansas, mbanja la ana 11, iye anali wa nambala 7. Bambo ake William Sanders anali mmisiri wofolera madenga ndi kupala matabwa, mayi ake ndi a Shirley. Nthawi ya tchuthi anyamata a pakhomopo ankakwera nawo padenga kukathandiza bambo awo, ndipo dzuwa la ku Kansas miyezi ya June ndi July limawotcha zedi, nde taganizirani mwana ali pamwamba apo kunyamula zofolera tsiku lonse, bambo wake munthu wosanyengerera. William anali wokonda mpira mopenga, timu yake inali Oklahoma Sooners, ndipo kwa iye running back weniweni padziko anali Jim Brown wa Cleveland Browns, palibenso wina. Ana ake anakula akumva zimenezo tsiku ndi tsiku.

Ku sukulu ya Wichita North, Barry sanali nyenyezi ayi. Mchimwene wake Byron ndi amene ankasewera running back patsogolo pake, yemwe pambuyo pake anakasewera ku Northwestern University. Barry ankaikidwa malo ena, kumbali kolandira mpira, nthawi zina kumbuyo kotchinga. Byron atamaliza sukulu mungaganize kuti malo aja anagwera mng'ono wake, koma ayi, chaka chake chomaliza chinayamba mnyamata wina ali pamalopo. Magemu atatu anadutsa. Pa gemu yachinayi mnyamata uja anaimitsidwa pa nkhani ya khalidwe, kochi Dale Burkholder nkumuika Barry, tsiku limenelo anathamanga mayadi 274 ndi ma touchdown 4. Pa magemu 7 amene anasewera pamalopo anapeza mayadi 1,417, kutanthauza kuti akangogwira mpira ankasuntha mayadi 10 pa avareji, zimene timu yonse imavutikira ndi mwayi unayi uja iye ankazichita kamodzi.

Pali kanthu kena ka chaka chimenecho kamene kamandikhudza. Gemu yomaliza timu yawo ili patsogolo kwambiri, iye atatuluka kale, kochi anamuuza kuti atsala mayadi ochepa kuti akhale nambala wani pa onse othamanga ndi mpira, alowenso akatenge. Anakana, anati asiyire anzake asewereko. Mwana wazaka 17 amene wangotuluka kumene pa benchi, dzina alibe, masikolashipu sakubwera, koma nkukana chinthu chimene chikanamutchukitsa. Ine ndimaona kuti munthu amene wakhalapo pa benchi amadziwa mmene amene atsala pamenepo akumvera.

Tsopano msinkhu. Barry ndi wa 5 feet 8, pafupifupi masentimita 173, pa mpira umenewu ndi wamfupi ndithu. Makoleji akuluakulu anamudutsa, mwina chifukwa cha msinkhuwo, mwinanso chifukwa anaonekera mochedwa pomwe anthu ofufuza osewera anali atalemba kale mayina awo. Amene anamufuna anali ochepa, monga Tulsa, Iowa State ndi Oklahoma State. Anasankha Oklahoma State ya ku Stillwater, bambo ake sanakondwe nazo kwenikweni, pajatu imeneyi ndi timu yopikisana ndi Sooners yawo ija mu state imodzi.

Nde apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Atafika ku Stillwater mu 1986 anapeza pamalo pake pali Thurman Thomas, ndipo uyu sanali munthu woti kochi akumukondera, anali katswiri weniweni, pambuyo pake anakasewera ma Super Bowl anayi otsatizana, fainolo ya ligi yaikulu ya NFL, ali ku Buffalo Bills mpaka kulowa mu Hall of Fame, kaundula wa akatswiri opambana. Barry anakhalanso wachiwiri zaka ziwiri zathunthu, 1986 ndi 1987. Masiku ano mwana wotero akanasamuka koleji sizoni imodzi isanathe. Iye anatenga ntchito imene inalipo, yolandira mpira ukamenyedwa ndi phazi poyamba gemu kapena timu ina ikagoletsa, kickoff ija, ndi ma punt, mpira umene timu imaumenya ndi phazi kupita kwa adani ikaona kuti mayadi 10 aja siikwanitsa. Ntchito imeneyi ndi yoopsa, umayang'ana mmwamba kudikira mpira utsike kwinaku gulu la anthu likukuthamangira ndi liwiro lonse, osewera ambiri otchuka saifuna. Mu 1987 avareji yake pobweza kickoff inali mayadi 31.6, yoposa wina aliyense mu mpira wa makoleji ku America konse, anasankhidwa kukhala All-American, mmodzi wa osewera opambana a makoleji mdziko lonselo, chifukwa cha ntchito imeneyo ali wachiwiri pa malo ake enieni. Imanenedwa nkhani yoti kochi wa Oklahoma, Barry Switzer, ataonera matepi anachenjeza anyamata ake kuti asamuvulaze Thurman Thomas chifukwa amene angalowe mmalo mwake ndi woopsa kuposa iyeyo.

Thomas atapita ku NFL mu 1988, kochi Pat Jones anamupatsa Barry mpira. Gemu yoyamba, ndi Miami ya ku Ohio, kickoff yoyambirira yeniyeni anaibweza mayadi 100 mpaka touchdown. Zotsatira zake anthu mpaka lero amati ndi sizoni yopambana zonse imene munthu mmodzi anaseweramo pa koleji. Magemu 11, mayadi 2,628, ma touchdown 37 othamanga. Mukukumbukira 100 ija? Avareji yake inali pafupifupi 239 pa gemu. Kanayi anadutsa 300, ndi Tulsa, Kansas State, Kansas ndi Texas Tech. Ngakhale magemu awiri amene analuza, ndi Nebraska ndi Oklahoma, matimu amene anali zimphona nthawi imeneyo, anathamanga 189 ndi 215. Ndipo sanali yekha, tisaiwale, anyamata akutsogolo omutsegulira njira ankatchedwa War Pigs, quarterback anali Mike Gundy amene anadzakhala kochi wa timu yomweyo zaka zambiri, ndi Hart Lee Dykes wolandira mpira amene ankapangitsa kuti adani asaunjikane onse pa Barry.

Kathamangidwe kake nkovuta kukafotokoza, mukaone nokha pa YouTube. Amalandira mpira, kulowera kumanja, kupeza kwatsekeka, nde amangoima dzii pakati pa liwiro, thupi lili pansipansi miyendo ili tang'a, wotchinga nkudutsa yekha manja ali mmwamba, iye watembenuka kale akupita kumanzere. Amene munathamangitsapo nkhuku ya alendo pabwalo mukudziwa, mwaifika kale mukuti ndagwira, iyo yakhota, inu muli mfumbi. Ufupi uja unamuthandiza, kuseri kwa anthu akuluakulu akutsogolo sankaoneka msanga, ndipo ntchafu zake zinali zamphamvu moti womugwira ndi dzanja limodzi ankangotsala. Akagoletsa panalibe zovina, ankangopereka mpira kwa refu nkumapita.

Mphotho ya Heisman, imene imapita kwa wosewera wopambana onse pa makoleji, inalengezedwa iye ali ku Tokyo, Japan, komwe timu yake inakasewera ndi Texas Tech, anaonekera pa TV kuchokera komweko nkhope ili ngati palibe chachitika, kenako nkukalowa mbwalo kuthamanga mayadi 332. Mphothoyo anaitenga Barry, kuposa Rodney Peete wa USC ndi Troy Aikman wa UCLA. Ku Holiday Bowl, gemu yapadera ya pambuyo pa sizoni, anawonjezera 222 ndi ma touchdown 5 pogonjetsa Wyoming 62 kwa 14, kota yomaliza sanasewere nkomwe, ndipo manambala amenewa sali mu 2,628 muja chifukwa nthawi imeneyo magemu a bowl sankawerengedwa. Melvin Gordon wa Wisconsin anafika 2,587 mu 2014, Ashton Jeanty wa Boise State 2,601 mu 2024, onse pa magemu 14, rekodi ikadali ya Barry. Jeanty yo nayenso ndi wamfupi chimodzimodzi, mwana wanu ameneyu ndiye akumudziwa bwino, ali ku Las Vegas Raiders.

Chaka chomaliza cha koleji sanasewere. Oklahoma State inali italangidwa ndi NCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji, pa zophwanya malamulo, bambo ake anamukankha kuti apite ku NFL, Detroit Lions nkumutenga pa nambala 3 mu 1989. Sizoni yake yoyamba anachitanso zija za ku Wichita, gemu yomaliza anakana kulowanso, nkumaliza ndi mayadi 1,470, Christian Okoye wa Kansas City Chiefs, mnyamata wobadwira ku Enugu ku Nigeria, nkukhala nambala wani ndi 1,480.

Tsopano za mwana wanu. Sindikufuna mukamuuze kuti kochi ndi wolakwa, chifukwa zimene akunenazo zili ndi mutu. Kuzembazemba kuli ndi mtengo wake, Barry yemweyo ankagwetsedwa kumbuyo kwa mzere woyambira kawirikawiri, kutaya mayadi, makochi ankapirira chifukwa ankadziwa kuti ulendo wotsatira athamanga 60. Mwana amene sanafike pamenepo akataya mayadi 3 timu yonse imavutika. Nde aphunzire zonse ziwiri, pomwe pali mpata alowe osachedwa, kuzemba akusungire pomwe patsekeka. Aphunzirenso kutchingira quarterback ndi kulandira mpira woponyedwa, makochi ambiri amamusiya running back pa benchi chifukwa cha zimenezi osati msinkhu.

Ndipo apite yekha kwa kochi, osati inu, akapemphe kuti amuike pa kickoff ndi punt, kaya kubweza kaya kuthamangira wobweza. Kumeneko malo amapezeka, ndipo kochi amaona msanga mwana amene sakuopa.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri monga kholo ndi nkhani ya mutu. Running back amagundidwa pafupifupi nthawi iliyonse wagwira mpira, ndipo chipewa chija sichiletsa ubongo kugwedezeka mkati. Akabwera kunyumba akudandaula mutu, chizungulire, kuwala kukumupweteka mmaso, kapena akuiwala zimene zachitika mu gemu, asaseweretu mpaka dokotala amuone, ngakhale alire bwanji kuti malo ake atengedwa. Ana a pa benchi ndi amene amabisa kwambiri zimenezi chifukwa mwayi akaupeza safuna kuutaya. Magiredi nawonso muwayang'anire, NCAA ili ndi mlingo wa maphunziro umene mwana ayenera kufika kuti aloledwe kusewera pa koleji, ndipo pa ana onse osewera ku high school ndi ochepa kwambiri amene amapeza sikolashipu ya mpira, ofika ku NFL nde osanena.

Akamvetsera zonsezi nkunenabe kuti mtima wachoka, musamukakamize, zaka 16 ndi munthu woti akhoza kusankha. Koma ngati chikumupweteka ndi benchi yokha, mpirawo akuukondabe, akhaleko sizoni ina. Mundilemberenso kochi akamuyankha za kickoff zija.