Laputopu yakale timaikonza, timaidzutsa kapena timaitsitsimutsa?

Wowerenga wina wa ku Ndirande wafunsa motere: "Ndinagula laputopu ya ThinkPad T60 ya kaunjika ku Limbe, yosayaka n'komwe. Ndaitsegula, ndaipukuta, ndaikamo RAM ina (mosungira kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira) ndi SSD (disiki yamakono yothamanga), pano ikuyenda bwinobwino. Anzanga ndimangowauza kuti 'ndapanga restore' komanso 'ndapanga upgrade'. Kodi m'Chichewa chenicheni ndizinena bwanji?"

Achimwene, funso lanu landikomera, ndipo mwachita bwino posataya makinawo kudzala. T60 inatuluka mu 2006, patangotha chaka kuchokera pamene kampani ya Lenovo inagula gawo la makompyuta la IBM, n'chifukwa chake zambiri zikadali ndi zilembo za IBM pachivundikiro.

Mawu ofulumira kubwera pakamwa ndi kukonza. Si olakwika, koma ndi thumba lalikulu kwambiri. Timakonza njinga, timakonza nsomba, timakonza ukwati, timakonza m'nyumba alendo akamabwera. Mukati "ndakonza laputopu", womva aganiza kuti mwangosintha kachingwe kamodzi basi. Ntchito imene mwagwirayo ndi yoposa pamenepo.

Chichewa chimasiyanitsa bwino zinthu zitatu. Wogona timamudzutsa, wokomoka timamutsitsimutsa, wakufa ndiye amaukitsidwa. Laputopu imene mwangotseka chivundikiro, kanyali n'kumaphethira, yagona, ndipo mukadina batani mwaidzutsa. Imene bolodi yake yaikulu ya m'kati yapsa ndi magetsi yafa, yangotsala kuphwasula kuti zipangizo zake zithandize inzake. Koma yanuyo inali pakati. Mtima unalipo, kungoti fani inatsekeka ndi fumbi logwirana ngati thonje, kaphala kotuwa kamene kamakhala pamwamba pa purosesa, ubongo wa kompyuta, kanauma gwa ngati nkhoko za mumphika, ndipo kabatire kakang'ono kozungulira kosunga tsiku ndi nthawi kanatha mphamvu. ThinkPad ikaona kuti fani sikuzungulira imakana kupitirira, ngakhale zina zonse zili bwino. Kumeneko ndiye kukomoka.

Choncho mawu anu ndi kutsitsimutsa. Ine ndinawadziwa ndili mwana kwathu ku Chiradzulu, mayi wina atakomoka pamaliro dzuwa lili paliwombo. Agogo anga anamuthira madzi kumaso n'kumamukupiza ndi chitenje, mpaka wina anafuula kuti "atsitsimuka!" Agogo omwewo ankanena mawu amenewa za mpiru wofota ukathiriridwa madzulo. Kutchalitchi tili ndi misonkhano ya chitsitsimutso. Ponseponse tanthauzo ndi limodzi: chinthu chinali ndi moyo, moyowo unazilala, wina waubwezeretsa popanda kusintha chinthucho kukhala china. Tamverani mmene "tsi-tsi" akubwerezera, ngati mpweya umene ukubwerera pang'onopang'ono. Zimandimvekera ngati makolo anawaumba mawuwa akumvetsera munthu amene wayambanso kupuma. Nenani molimba mtima kuti "ndatsitsimutsa laputopu yakale", ndipo ngakhale agogo a kumudzi amva chimene mwachita.

Tibwere ku "upgrade". Ena amathamangira kukweza. Ine ndimakana. Timakweza mitengo ya zinthu, timakweza munthu pantchito, timakweza wailesi kuti imveke, timakweza katundu m'minibasi. Mukati "ndakweza laputopu", mnzanu afunsa kuti "mwaikweza galimoto iti?" Mwachidule nenani kuti mwaiwonjezera mphamvu. Koma Chichewa chimakoma mukatchula chenichenicho chimene mwachita: "ndaiwonjezera RAM", "ndaisinthira disiki", "ndaiikira Linux poti Windows XP anasiya kuisamalira mu April 2014" (Linux ndi Windows XP ndi mapulogalamu oyendetsa kompyuta). Taonani ntchito ya kachidutswa ka -er- ndi -ir- m'mawuwa. Kuwonjeza kwasanduka kuwonjezera, kusintha kwasanduka kusinthira, ndipo laputopuyo yakhala ngati mwana amene mukumuchitira zinthu. Pa RAM yokha ndikuchenjezeni: T60 imagwiritsa ntchito pafupifupi 3GB, ngakhale mutaikamo 4GB.

Chimene chimandiwawa m'funso lanu si mawu achingereziwo ayi, koma "ndapanga" amene mwaika patsogolo pake. Matendawa afala mu Blantyre muno. Kwerani minibasi ya ku Chirimba mumve: "ndipanga check", "wapanga apply", "tipanga discuss mawa". Kupanga ndi mawu a mmisiri. Amapanga mpando, amapanga khasu, chinthu n'kuoneka ndi maso. Lero tawasandutsa ngolo yonyamulira mneni aliyense wachingerezi, pamene kuona, kufunsira ndi kukambirana zili pomwepo zikutidikira. Kale wailesi ya MBC inkaulutsa pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa, ndipo mayankhulidwe otere sakanalekereredwa.

Musandimve molakwa, kubwereka sindikudana nako. Kompyuta, batire ndi fani ndi alendo amene anakhazikika, ndipo kutchaja ndi mneni wathu tsopano, chifukwa wavala zovala zathu: timati ndatchaja, yatchajidwa, nditchajireni, katchajitse. RAM ndi SSD zisiyeni mmene zilili, palibe chifukwa chozipekera mayina amene wogulitsa zipangizo ku Limbe sangawamve. Koma "ndapanga restore" ndi mlendo amene wakana kuvula nsapato pakhomo. Simungamuikire -idwa, simungamuikire -ira, wangoima chilili pakati pa chiganizo.

Mwatchula kaunjika, mawu ochokera ku kuunjika, mulu wa zovala pamsika. Amanena za kumene chinthu chachokera, osati zaka zake, motero laputopu ya chaka chatha ingathe kukhala ya kaunjika. Pofuna kunena za ukalamba wake muli ndi yakale, yachikale ndi yamakedzana. Yachikale ili ndi kachipongwe, ngati kunena kuti inatha fasho, ndiye musaitchule choncho ngati mumaikonda. Makedzana ndi mawu amene ndimawakonda kwambiri. M'makutu mwanga ndimamva "make dzana": pali dzulo, pali dzana, ndiye pali mayi wake wa dzanalo, nthawi imene inabala masiku onse apitawa. Mawu olemera chonchi sitingawawononge pa makina a 2006. T60 yanu ndi yakale, basi. Mukadzapeza ThinkPad yoyambirira ya 1992 pamulu wina ku Limbe, imeneyo ndidzakulolani kuitcha yamakedzana.