Zosaka agwape ku England: mfuti ya mnzanuyo musaigwire kaye achimwene

Achimwene, uthenga wanu ndauwerenga. Mwati mukugwira ntchito kufupi ndi Thetford ku Norfolk pa viza ya ntchito, m'mawa uliwonse mukamapita ku shifiti mumaona ma deer akudya m'minda m'mbali mwa msewu ngati mbuzi zopanda mwini, kumudzi munkapita ku uzimba ndi agalu komanso misampha ya waya mumaidziwa kutchera, ndiye mnzanu wa kuntchito wati ali ndi mfuti ndipo atha kukubwerekani weekend ina mukayese. Funso lanu ndi lakuti muyambire pati kuti musalakwire lamulo. Ndiwatchula kuti agwape kuti tisavutike, ngakhale ena mwa iwo ndi akuluakulu kuposa gwape wathu kutalitali.

Poyamba penipeni, mfuti ya mnzanuyo musaitenge, ngakhale kuisunga usiku umodzi m'galimoto mwanu ayi. Pansi pa Firearms Act 1968, kupezeka ndi mfuti ya mtundu wa rifle kapena zipolopolo zake opanda setifiketi yanuyanu ya mfuti yochokera kupolisi (firearm certificate) ndi mlandu woti munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka 5, ndipo mnzanuyo naye alowa m'madzi chifukwa chopereka mfuti kwa munthu wopanda pepala. Inu muli ndi vuto lina lomwe mnzanuyo mwina alibe. Munthu amene si nzika ya Britain akagamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo, UK Borders Act 2007 imati a Home Office, unduna woona za olowa ndi kutuluka m'dziko, ayenera kuyamba zomuthamangitsa m'dziko, ndipo ngakhale chilango chitakhala chochepa, mlanduwo udzakutsatani tsiku lofunsira mapepala okhazikika kapena unzika. Ndiye tikamakamba za nyama ya gwape tizikumbukira kuti pa mbale yomweyo pali viza yanu ndi ya banja lanu.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ochokera kwathu ndi nkhani ya malo. Kumudzi tchire linali la tonse, nyama ikadutsa ndi ya amene waiona, bola mwendo ukafike kwa mfumu. Kuno dothi lililonse lili ndi mwini wake, kaya ndi mlimi, kaya ndi Forestry England (bungwe la boma loyang'anira nkhalango), kaya ndi kampani, ndipo ufulu wosaka pamalopo nthawi zina umakhala wa munthu winanso osati mlimi amene mukumuona pa thalakitala. Deer Act 1991, lomwe ndi lamulo la agwape ku England ndi Wales, limati kulowa pamalo a munthu kukafuna gwape opanda chilolezo ndi mlandu, kupha kapena kuvulaza gwape pamalopo ndi mlandu, ngakhale kungonyamula gwape wakufa kale kuchoka naye pamalopo ndi mlandunso. Chilango chake chimafika pa £2,500 kapena miyezi 3 kundende kapena zonse ziwiri, ndipo akakupezani ndi agwape angapo chindapusacho atha kuwerengera nyama iliyonse payokha. Khoti lithanso kulanda nyamayo, mfuti, mpaka galimoto imene munanyamulira. Ukalowa ndi mfuti pamalo a eni opanda chilolezo pamabweranso mlandu wina pamwamba wa pansi pa Firearms Act. Choncho mawu akuti "mlimi uja ndi mnzanga, sadandaula" ine monga loya sindimawawerengera, ndimafuna kalata yosainidwa, yonena malire a malowo, mtundu wa nyama yomwe mwaloledwa, ndi deti.

Za luso lanu la kumudzi lija, pepani, pafupifupi lonse kuno ndi loletsedwa. Msampha wa waya, khwekhwe, ukonde, poizoni, mkondo, uta ndi mivi, zonsezi pa gwape ayi. Anthu amaonera mavidiyo a ku America pa YouTube anthu akusaka ndi uta nkumaganiza kuti kunonso zimatheka, koma ku Britain kusaka nyama ndi uta nkoletsedwa. Kuthamangitsa gwape ndi gulu la agalu kunaletsedwa ndi Hunting Act 2004, galu amene alenje a kuno amayenda naye ntchito yake kwenikweni ndi kulondola nyama yomwe yavulala. Kuwombera usiku ndi tochi nakonso ayi, lamulo limawerenga usiku kuyambira ola limodzi dzuwa litalowa mpaka ola limodzi lisanatuluke, pokhapokha pali laisensi yapadera yomwe munthu wongoyamba kumene sangaione. Kuthamangitsa nyama ndi galimoto kapena kuwombera galimoto ikuyenda, chimodzimodzi.

Ndiye njira yolowera ilipo? Ilipo, ndipo siyovuta monga mukuganizira. Ndime 11A ya Firearms Act imalola munthu wa zaka 17 kupita m'mwamba kubwereka rifle opanda setifiketi, koma pali zoyenera kukwaniritsa zonse pamodzi: zichitikire pamalo a munthu osati a aliyense, wobwereketsayo akhale wa zaka 18 kapena kuposa, akhale ndi setifiketi ya mfuti imeneyoyo, akhale ndi ufulu wolola anthu kusaka pamalopo kapena chilolezo cholembedwa kuchokera kwa mwini ufuluwo, ndipo nthawi yonse imene mfuti ili m'manja mwanu iye kapena munthu wina wololedwa mwa njira yomweyo akhale nanu pomwepo. Osati iye ali ku pub inu muli m'tchire. Mnzanu wa kuntchitoyo mufunseni mafunso awa limodzi limodzi, akayamba kuyankha mozungulira mudziwe kuti palibepo. Njira yosavuta ndi kulipira mlenje wa ntchito, kuno amati stalker, amene amatenga anthu ongoyamba kumene, mumagwiritsa mfuti ya pa esiteti, amayamba wakuyesani pa chandamale kuti aone ngati mumalasa, kenako mumatuluka limodzi m'bandakucha kapena madzulo, iye ndi amene amanena kuti iyi womberani iyi isiyeni. Mukapita maulendo angapo otero muzisunga malisiti ndi kulemba madeti, malo ndi nyama yomwe munapha, mapepala amenewa adzakuyankhulirani kupolisi.

Kenako pali kosi yotchedwa Deer Stalking Certificate Level 1, anthu amangoti DSC1. Mabungwe ngati British Deer Society ndi BASC (bungwe la osaka ndi mfuti) amaphunzitsa, imatenga masiku ochepa, mumalemba mayeso a malamulo, kuzindikira mitundu ya agwape pa zithunzi, chitetezo, kusamala nyama kuti ikhale yoyenera kudyedwa, ndi mayeso owombera. Ku England lamulo silikakamiza kuti mukhale nayo, komabe ine ndimauza aliyense kuti achite, chifukwa apolisi akaona munthu amene sanagwirepo rifle akupempha mfuti yaikulu amakayika, ndipo eni malo ambiri sakupatsani chilolezo opanda pepala limeneli. Kulowa bungwe ngati BASC kumabweranso ndi inshulansi, zomwe eni malo amafunsanso.

Pa kosipo ndi pamene mudzamvetse chifukwa chake kuzindikira nyama ndi nkhani ya lamulo osati yongosangalatsa. Ku Britain kuli mitundu 6 ya agwape a m'tchire, red, roe, fallow, sika, muntjac ndi Chinese water deer, ndipo nyengo yololedwa imasiyana potengera mtundu komanso ngati ndi yamphongo kapena yaikazi. Ku England amphongo a red, fallow ndi sika amasakidwa kuyambira 1 August mpaka 30 April, amphongo a roe kuyambira 1 April mpaka 31 October, aakazi a mitundu inayi ija kuyambira 1 November mpaka 31 March, Chinese water deer onse 1 November mpaka 31 March. Muntjac, kagwape kakang'ono kooneka ngati kakuwerama kamene mwina ndi komwe mukukaona kwambiri ku Thetford, kalibe nyengo yotseka chifukwa kamaswana chaka chonse, koma zimenezi sizitanthauza kuti ndi kaulere, chilolezo cha malo ndi mfuti yoyenera zikufunikabe. Ndiye taganizani, mwezi wa June mwawombera roe mukuyesa yamphongo koma ndi yaikazi yoyamwitsa, umenewo ndi mlandu kale ngakhale mapepala ena onse ali bwino.

Mfuti nayonso ili ndi muyezo wake. Ku England ndi Wales kukula kwa bowo la rifle ya gwape kusachepere .240 ya inchi ndipo mphamvu yake potuluka chipolopolo isachepere 1,700 foot pounds (muyezo wa mphamvu ya chipolopolo), n'chifukwa chake ambiri amayamba ndi .243 kapena .308. Pa muntjac ndi Chinese water deer pokha amalola kuyambira .220, mphamvu 1,000 foot pounds, chipolopolo cholemera 50 grains (muyezo wa kulemera kwa chipolopolo) kupita m'mwamba. Chipolopolocho chikhale cha mtundu wofutukuka chikalowa m'thupi kuti nyama ife msanga. Mfuti ya mpweya ija amagulitsa yowombera akalulu musayerekeze n'komwe.

Tsopano setifiketi yanuyanu. Mumapempha ku polisi ya dera lomwe mukukhala, kwa inu ndi Norfolk Constabulary ngati adilesi yanu ili mbali ya Norfolk, ndipo mu February 2025 mtengo wa setifiketi yatsopano anauika pa £198, setifiketiyo imagwira ntchito zaka 5. Apa mumvetse bwino, ku Britain kukhala ndi mfuti si ufulu wobadwa nawo, ndinu amene muyenera kuonetsa chifukwa chomveka chofunira mfuti iliyonse yomwe mwalemba pa fomu, ndipo pa agwape chifukwa chomveka ndi malo omwe mwaloledwa kusakapo kapena umboni wakuti mumabuka maulendo osaka pafupipafupi. Mwaona chifukwa chake ndinayamba ndi malo ndi malisiti? Pamafunika anthu awiri okuchitirani umboni, okhala ku Great Britain, amene akudziwani kwa zaka zosachepera 2, osati achibale, ndiye ngati mwangofika chaka chatha dikirani kaye, musakakamize abusa kapena bwana wa kuntchito kunama kuti anakudziwani kalekale. Pamafunikanso lipoti la dokotala lochokera m'mafayilo a GP wanu, dokotala amene munalembetsa kwa iye, izi anazikhwimitsa mu November 2021 munthu wina atawombera anthu mumzinda wa Plymouth mu August chaka chomwecho, ndipo dokotalayo nthawi zambiri amalipiritsa payekha. Wapolisi adzabwera kunyumba kudzacheza nanu ndi kuona kabati yachitsulo yokhoma yomangirira kukhoma, atha kuyankhulanso ndi akazi anu kapena ena a m'nyumbamo, ndipo nkhani za nkhanza za m'banja, mowa wopitirira muyezo kapena matenda a maganizo amaziyang'ana kwambiri. Ngati mukukhala nyumba ya lendi yogawana ndi anthu ena, apa ndi pamene pamavuta, landilodi ayenera kuvomera zoboola khoma, ndipo makiyi a kabatiyo asadziwe pomwe ali munthu wina aliyense, ngakhale mayi a kunyumba. Poti zaka zambiri munakhala ku Malawi, konzekerani kuti atha kufuna police clearance ya kumudzi.

Pa fomupo nenani zoona zokhazokha. Milandu yonse imene khoti linakupezani nayo wolakwa ilembeni, yakale ndi ya kunja kwa Britain yomwe, chifukwa kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu pawokha ndipo amakana munthu chifukwa cha bodzalo ngakhale mlandu wobisidwawo unali waung'ono. Palinso anthu amene lamulo linawatsekera khomo, amene anagamulidwa zaka 3 kapena kuposa saloledwa kugwira mfuti moyo wake wonse, amene anagamulidwa kuyambira miyezi 3 koma osafika zaka 3 amadikira zaka 5, ndipo chilango choimikidwa cha miyezi 3 kupita m'mwamba nachonso chimamutsekera munthu zaka 5. Munthu wotere ngakhale zobwereka pa ndime 11A zija sizimukhudza, asagwire basi.

Akakupatsani, werengani zomwe alemba pa setifiketipo mzere ndi mzere. Ongoyamba kumene nthawi zambiri amawalola kuwombera pamalo okhawo omwe apolisi anawavomereza, ena amawalembera kuti aziyenda ndi munthu wodziwa kwa kanthawi, ndipo kuphwanya chimodzi mwa zimenezi ndi mlandu. Mpeni wosendera nawo, wosapinda kapena wokhoma uja, muzinyamula popita ndi pobwera kosaka basi, ukaiwalika m'galimoto mpaka Lolemba pa shifiti mudzavutika kufotokoza. Nyama mukadya ndi banja palibe vuto bola mwagwirizana ndi mwini malo kuti ndi yanu, koma zoyamba kugulitsa mapaketi pa gulu la WhatsApp la a Malawi, imeneyo yasanduka bizinesi ya chakudya, muyenera kukalembetsa ku khonsolo kaye.

Akakukanani, kapena akadzakulandani setifiketi mtsogolo, muli ndi ufulu wochita apilo ku Crown Court pasanathe masiku 21 chilandirireni kalata yawo. Masiku amenewa amatha ngati madzi, ndipo mukaluza khoti litha kukuuzani kuti mulipire ndalama zomwe apolisi awononga pa mlanduwo, ndiye kalatayo ikangofika pitani nayo kwa loya sabata yomweyo muone ngati apilo ili ndi mutu kapena kuli bwino kukonza chomwe adandaula nkudzapemphanso. Zonse ndafotokozazi ndi za England ndi Wales. Mukadzaitanidwa ku Scotland, setifiketi ya mfuti ndi yomweyo koma agwape kumeneko ali ndi lamulo lawo, Deer (Scotland) Act 1996, madeti ndi miyezo ya zipolopolo ndi zina, ndipo chiyambire October 2023 amphongo kumeneko alibenso nyengo yotseka, ndiye mudzandifunsenso musanakwere sitima.