Maloboti a pansi pa nyanja ndi zinyalala za ku Chipata

Aphunzitsi ena a ku Katete anditumizira imelo. Akuti ana a m'kalasi mwawo anamva za maloboti ofufuza tizidutswa ta pulasitiki m'nyanja, ndiye akufunsa kuti makinawa amationa bwanji, komanso ife a ku Zambia, kopanda nyanja yamchere, zikutikhudza pati.

Aphunzitsi, anawo muwauze kuti loboti silitiona ndi maso ayi. Tizidutswa timeneti sitifika mamilimita 5, ndipo tambiri n'tochepa kuposa njere ya mchenga. Ntchito ya loboti ndi kufika komwe munthu sangafike. Asayansi a ku Monterey Bay Aquarium Research Institute, ku California, analitsitsa pa chingwe kuchokera m'sitima mpaka mamita 1,000, likupopa madzi n'kuwasefa pa kuya kosiyanasiyana. Zotsala pa sefa zinakapimidwa ku labotale ndi kuwala kwa laser, komwe kumasiyanitsa pulasitiki ndi zinyalala zina. Zotsatira zake, mu 2019, zinaonetsa kuti pulasitiki wochuluka sanali pamwamba ayi, koma pakati pa mamita 200 ndi 600. Analinso m'mimba mwa tinkhanu tofiira tomwe nsomba zikuluzikulu zimadya.

Bungwe lofufuza za sayansi la CSIRO la ku Australia linatapa matope ndi loboti mpaka pa kuya kwa mamita pafupifupi 3,000, ndipo mu 2020 linayerekeza kuti pansi pa nyanja zonse pagona matani 14 miliyoni a tizidutswa ta pulasitiki.

Tsono za ife. Pitani ku msika wa Kapata mvula yoyamba ikangokata, mukaone ngalande: mabotolo, mapepala ogulira tomato, zonse zili ulendo wa ku mtsinje wa Lunkhwakwa. Madzi athu ambiri kuno kum'mawa amathera mu Luangwa, Luangwa mu Zambezi, Zambezi mu Indian Ocean ku Mozambique. Dzuwa ndi miyala zimaphwanya botolo m'njira, koma silivunda. Zambiri zimakodwa m'matope kapena pa damu la Cahora Bassa, ndiye kuti oyamba kukumana nazo ndi nsomba za m'mitsinje yathu yomwe. Ngakhale juzi ya pa salaula ikachapidwa imathothoka timaulusi ta polyester, amenenso ndi pulasitiki.

Boma linaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala osafika ma micron 30 (ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi) kudzera m'lamulo la mu 2018, koma kaoneni nokha pa msika ngati anatha.

Ine maloboti ndimawayamikira pa kuwerengera basi. Kuyeretsa nyanja sangathe, kanthu kakasakanikirana ndi madzi akuya theka la kilomita sikatoledwanso. Anawo mukafuna kuti aone okha, atengereni nsalu yoyera ku mtsinje, asefe ndowa zingapo za madzi, kenako ayang'ane ndi galasi lokulitsa zinthu. Timaulusi ta buluu ndi tofiira ndi timene timaoneka msanga.