Ntchito ya katswiri wa maganizo kukhoti: yankho kwa mtsikana wa Fomu 4

Mtsikana wina amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4 wanditumizira imelo. Akufuna kudzakhala forensic psychologist, katswiri wa maganizo wothandiza pa milandu kukhoti, koma makolo ake akuti ntchito imeneyo kuno kulibe, angophunzira unamwino basi. Akufunsa kuti atani.

Achemwali, funso lanuli landikhudza kwambiri, ndiye mundipirire ngati nditalikitse.

Zimene mumaona pa TV, katswiri kungoyang'ana pamalo pamene pachitika zaupandu n'kutchula khalidwe la wakupha, ndi kachigawo kakang'ono zedi ka ntchitoyi. Masiku ambiri katswiriyu amakhala m'kachipinda ndi munthu mmodzi, kumufunsa, kumuyeza, kenako kulemba lipoti lopita kukhoti. Kodi woimbidwa mlanduyu akumva zimene zikukambidwa pa mlandu wake? Pamene ankapalamula, mutu wake unkagwira? Akamasulidwa, angadzavulazenso wina?

Mafunso amenewa ine ndinawadziwira pa amalume anga. Anali akalipentala, munthu wofatsa, wokonda kuimba kwaya. Kenako anayamba kusagona, kumalankhula okha, kumanena kuti akumva anthu akupangana zowapha. Kumudzi tinkati awalodza. Tinapita nawo kwa asing'anga, kumapemphero, koma kuchipatala ayi. Tsiku lina anamenya mnzawo wapamtima ndi mpini, poganiza kuti watumidwa kudzawamaliza. Mwamwayi munthuyo anachira, koma amalume anakalowa pa rimandi.

Amayi ndi amene ankawayendera, ine n'kumawaperekeza nditanyamula kontena ya nsima. Nthawi zina amalume sankatizindikira. Akaidi anzawo ankadziwa kuti ndi odwala, oyang'anira ndende ankadziwanso, koma khoti siligamula potengera zimene aliyense akudziwa. Limafuna pepala losainidwa ndi munthu amene anaphunzira kuyeza. Pepalalo linachedwa, mlandu n'kumangoimitsidwa, amalume n'kumangoonda. Atayamba kulandira mankhwala anabwerera ndithu, mpaka anayambiranso kukhoma mipando, koma nthawi imene anakhala m'kati sankafuna kuitchula.

Ndiye wina akandiuza kuti ntchito imeneyi kulibe, mtima umandiwawa. Chimene kulibe ndi udindo wolembedwa dzinalo pachitseko. Ntchito yeniyeniyo yachita kuunjikana. Malamulo athu amavomereza kuti munthu amene anapalamula mutu usakugwira asaweruzidwe ngati wabwinobwino, ndipo oyenera kuyezedwa ambiri amawatumiza ku Zomba Mental Hospital, kumene ogwira ntchito ali kale ndi odwala ochuluka.

Taonani za mlandu wa Kafantayeni, mkaidi amene anakatsutsa kukhoti chilango cha imfa chimene anapatsidwa. Mu 2007 Khoti Lalikulu linagamula kuti n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kumangopereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, osamva kaye za moyo wake. Kuyambira 2015 akaidi oposa 100 anabwereranso kukhoti kuti zilango zawo ziunikidwenso, ndipo ambiri anatuluka. Mwa iwo munali anthu odwala maganizo, ena ochepa nzeru chibadwire, zinthu zimene pozenga mlandu koyamba panalibe amene anazitchula. Anthu amenewa anakhala zaka akudikira chingwe chifukwa panasowa wowayeza. Kwa ine zimenezi n'zochititsa manyazi, ndipo dziko limene limamanga anthu liyenera kulemba ntchito owayeza, osadikira mabungwe akunja.

Palinso za ana, zimene zimandisowetsa mtendere kuposa zonse. Mwana akagwiriridwa amafunsidwa ndi makolo, amfumu, apolisi, achipatala, aliyense ndi kafunsidwe kake. Mu 1974 akatswiri a maganizo Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa kuti kafunsidwe kokha kamatha kusintha zimene mboni ikukumbukira, ndipo iwo ankayesa anthu akuluakulu. Nanga mwana wa zaka 6? Pofika kukhoti nkhani yasokonekera, wolakwa n'kupita kwawo. Kufunsa mwana kuti anene zimene anaona, osati zimene wamkulu akufuna kumva, ndi luso lochita kuphunzira.

Nanga muyambire pati?

Makolo anu musawatsutse mwamwano, nkhawa yawo ya malipiro ndi yoona. Koma njira ilipo. Yambani ndi digiri ya psychology, monga ya ku University of Malawi ku Zomba, ndipo masamu a kafukufuku musawathawe. Digiri yoyambayo siikwanira kuti khoti likumvereni ngati katswiri, pamafunika digiri yachiwiri, ya masters. Ine ndingasankhe clinical psychology, maphunziro oyeza ndi kuthandiza odwala maganizo, chifukwa imakupatsani ntchito kuchipatala pamene mukuzama pa za milandu. Ku South Africa olembetsa akatswiriwa ndi a HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo. Ku Britain mumachita masters ya forensic psychology yovomerezedwa ndi British Psychological Society, kugwira ntchito pansi pa wokuyang'anirani, kenako kulembetsa ku HCPC, bungwe lawo loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, ndipo ambiri amalembedwa ntchito m'ndende.

Podikira zotsatira za MSCE, pitani kukhoti la majisitireti la kwanuko mukakhale kumbuyo, milandu yambiri aliyense amaloledwa kumvera. Mukafika ku koleji, funsani mwayi wodzipereka ku Victim Support Unit ya apolisi kapena kwa ma paralegal, othandiza anthu pa za malamulo, a bungwe la PASI amene amayendera ndende. Mukakaona zimenezo mundilemberenso, tidzakambirane za sikolashipu.